Makolo athu sanagulidwe ndi kalilole

 Sabata ino ndi gawo langa, ndipo ndinene kale kuti ndabwera ndi kamkwiyo. Amene mumaphunzitsa ana zisudzo, amene mumalemba masewero a pa zikondwerero za chikhalidwe, khalani pafupi, nkhaniyi ndi yanu. Ndi yanganso, chifukwa inenso ndinaseka nawo.

Teremu yathayi ndinapita pa sukulu ina ya pulayimale kuno ku Chikwawa. Dzina ndisunga, poti mlandu si wa sukuluyo yokha. Linali tsiku la makolo, ndipo mwana wa mlongo wanga wa Sitandade 7 anali atandiuziratu kuti, "Malume musalephere, ine ndikhala mfumu." Ndiye ndinavala malaya abwino n'kukakhala pansi pa mtengo. Itakwana nthawi ya sewero la mbiri, anatulukira mfumu uja. Chiguduli m'chiuno, makala kumaso, nthenga za nkhuku kumutu, maso ali tong'o ngati wawona mzukwa. Kenako anatulukira mnyamata wina atadzola ufa nkhope yonse, chipewa cha katoni, akuyankhulira m'mphuno: "Ine funa minyanga, ine funa dziko." Anapisa m'thumba n'kutulutsa kalilole kakang'ono. Mfumu itadziona m'menemo inakuwa, inathawa, inabwerera chokwawa, inadzionanso, inayamba kuvina. Basi, malonda atheka. Minyanga ya thunthu la nthochi inaperekedwa, mbuzi inaperekedwa, dziko lonse mpaka kumtsinje linaperekedwa. Bwalo lonse linafa ndi phwete. Amayi ena mpaka nthungululu.

Pobwerera kunyumba mwana uja, makala asanasambe n'komwe, anandifunsa: "Malume, ndiye kuti makolo athu analidi opusa chonchi?"

Funso limeneli ndi limene landilembetsa. Yankho ndi lakuti ayi, ndipo sewero limene limasiya funso lotere m'mutu mwa mwana wa zaka 13 ndi sewero labodza, ngakhale litaseketsa bwanji.

Bodzali si la kwathu kokha. Ku America kuli nkhani yofanana nayo imene akhala akuijambula ndi kuisewera kwa zaka zambiri. Amati mu 1626 Mdatchi wotchedwa Peter Minuit anagula chilumba cha Manhattan, pamene pali mzinda wa New York lero, kwa anthu a mtundu wa Lenape ndi timikanda basi. Koma umboni umene ulipo ndi kalata imodzi ya Pieter Schagen ya chaka chomwecho, yonena kuti chilumbacho chinagulidwa ndi katundu wokwana ndalama za Chidatchi 60. Za mikanda mulibemo. Mikandayo anaikamo ndi ofotokoza a m'mbuyo muno, chifukwa nkhani imakoma mwini dziko akaoneka chitsiru. Kalata yomweyo imati sitima imene inabweretsa uthengawo inanyamula zikopa 7,246 za kanyama kam'madzi kotchedwa beaver. Anasaka ndani? Anafufuta ndani? A Lenape ndi eni dziko anzawo, amene ankadziwa bwino lomwe zimene ankafuna posinthana: nkhwangwa, mipeni, miphika yachitsulo, nsalu. Ndipo kwa iwo kulandira mphatso kwa mlendo kunali kumulola kukhala nawo pamalopo, osati kuti eni ake asamuke mpaka kalekale. Lero zidzukulu zawo zambiri zili kutali, ku Oklahoma, ku Wisconsin ndi ku Ontario. Mwaona kufanana kwake? Kumeneko mikanda, kuno kalilole. Ntchito yake ndi imodzi: kuti tiziseka wolandidwa m'malo mofunsa wolanda.

Tsono tiyeni tibwere kuno ku Shire, kapena Tchiri monga amanenera akuluakulu akuno, tione amene mzungu anawapeza.

Mu Januwale 1859 David Livingstone anakwera mtsinjewu koyamba ndi sitima yake yotchedwa Ma Robert. Atafika kwa Tengani, m'boma la Nsanje lero lino, sanapeze munthu wothawa chithunzi chake. Anapeza amuna mazanamazana ali ndi mauta ndi mivi m'mbali mwa mtsinje, akumulamula kuti aime. Anachita kutsika n'kukadzifotokoza kwa mfumu kuti iye ndani, akupita kuti, akufuna chiyani. Tengani ameneyu ndi amene ankatseka njira kuti amalonda a ku Zambezi asamangodutsa mwachisawawa. M'chiyankhulo cha lero tinganene kuti anali ndi chipata chake cha kasitomu. Kodi munaonapo sewero la pasukulu limene mzungu akuimitsidwa pa chipata n'kufunsidwa mafunso? Ine sindinaone.

Ndipo zimene Livingstone ndi anzake analemba za Amang'anja zimachititsa manyazi chiguduli chathu chija. Anapeza thonje likulimidwa m'midzi, mitundu iwiri: thonje manga, lochokera kunja, ndi thonje kaja, lakwathu konkuno. Anapeza amuna atakhala pabwalo akupota ulusi, ena akuomba nsalu. Nsalu ya kuchigwa kuno, imene inkatchedwa machila, inali katundu wodziwika pa malonda a mu Zambezi kwa zaka mazana angapo Livingstone asanabadwe, ndipo Apwitikizi a ku Sena ndi ku Tete ankaigula n'kukaigulitsanso kwina. Ganizani bwino pamenepa. Anthu amene ankagulitsa nsalu kwa azungu, ife tikuwaveka chiguduli cha feteleza. Ngakhale mawu oti njinga, asanakhale a kabaza wa pa Nchalo ndi pa Bangula, anali a kachipangizo kopotera thonje. Chiyankhulo chathu chomwe chikukumbukira zimene siteji yathu yaiwala.

Nanga amayi? M'sewero lija atsikana onse anangoimikidwa kumbuyo, akuomba m'manja mfumu ikamavina. Komatu mchere wa kuchigwa kuno unali m'manja mwa amayi. Ankakokola dothi la mchere, kulithira madzi, kusefa, kuphika madziwo mpaka mchere utatsala mumphika, n'kuumanga m'mitolo. Mcherewo unkakwera mapiri kupita kumtunda, ndipo kuchokera kumeneko kunkatsika makasu ndi zitsulo zina za m'ng'anjo. Nsomba zouma za m'madambo a Dabanyi ndi Ndindi nazonso zinkayenda. Msika unalipo, mitengo inalipo, kunenerera kunalipo. Amene akufuna kuwerenga zimenezi mwatsatanetsatane afunefune buku la Elias Mandala, katswiri wa mbiri wa Chimalawi, limene linatuluka mu 1990 lofotokoza za ntchito ndi ulamuliro m'chigwa chino kuyambira 1859 mpaka 1960. Vuto lake n'lakuti bukuli lili m'Chingerezi cha ku yunivesite, ndipo mphunzitsi wa ku Ngabu amene wauzidwa Lachitatu kuti pofika Lachisanu sewero likhale litakonzeka sadzalionapo. Ndiye amatenga zimene iyenso anaonera ali mwana. Bodza limayenda choncho, mwa cholowa.

Ndikudziwa ena mwayamba kale kulemba m'makomenti kuti, "Aaa inunso, si nthabwala chabe? Ana asasekenso?" Aseke, ndithu aseke. Ine sindidana ndi phwete. Koma tafunsani kuti phwetelo likugwera ndani. Nthabwala za kwathu kuyambira kale zimaluma wamphamvu: kalulu amapusitsa njovu, ndipo ku Gule Wamkulu kuli zilombo zonyogodola mzungu ndi nkhope yake yofiira. Makolo athu ankaseka mzungu. Ife tatembenuza, tikuseka makolo. Ndipo musaiwale kuti kwa ana ambiri a kumudzi, mphindi khumi za sewero zimakhazikika m'mutu kuposa teremu yonse ya manotsi. Deti ya pa bolodi amaiwala mayeso akangotha. Mfumu yokwawira kalilole saiiwala.

Ena, amene mwawerengako mbiri, mundiuza kuti, "Koma zoona zake mafumu anaperekadi malo aakulu posinthana ndi nsalu ndi tinthu tachabechabe." Zoona, makamaka kumtunda, m'madera a Blantyre, Thyolo, Mulanje ndi Zomba, zinachitikadi. Koma tamvetsani chimene chinkachitika. Mlendo akafika pamudzi n'kupempha malo, mfumu imamulozera pakuti alime, iye n'kupereka kangachepe kothokoza. Mpaka lero zimatero. Palibe amene amaganiza kuti nkhuku imene wapereka mlendoyo ndi mtengo wa nthaka yonse mpaka kwa zidzukulu. Chinyengo chinali pa pepala: mfumu ikuti ndamulandira mlendo, pepala likuti wagulitsa. Ndipo pepala palokha silikanasamutsa munthu. Linapeza mano pamene Harry Johnston, boma lake litakhazikika mu 1891, anavomereza mapepala ambiri otero n'kupereka ziphaso za umwini, kumbuyo kwake kuli asilikali a Chisikhi ochokera ku India. Ndiye ngati mukufuna kusewera kulandidwa kwa malo, ikani pa siteji womasulira amene akumasulira theka, kalaliki amene akulemba zina, ndi mfuti imene yatsamira pakhoma. Kalilole muchotsemo.

Tsopano nditembenukire mbali inayo, chifukwa nanunso anzanga okonda dziko lanu simundipulumuka. Pali sewero lachiwiri limene layamba kutchuka, lija loti makolo athu onse anali angelo, ankakhala mwamtendere, akudyera mbale imodzi, mpaka tsiku limene mzungu anatsika m'sitima ndi uchimo m'sutikesi. Limenelinso ndi bodza, kungoti lavala bwino. Malonda a mu Shire m'zaka za m'ma 1860 sanali a nsalu ndi mchere wokha. Ankagulitsidwanso anthu. Paul Mariano, amene kuno ankamutcha Matekenya, ankasakaza midzi ya kumunsi ndi ankhondo ake, ndipo ankhondowo sanali ochokera ku Lisbon, anali anthu akuda a mu Zambezi momwemu. Mu Julaye 1861, pamudzi wa Mbame panjira yokwera kuchoka kuno kupita kumtunda, Livingstone ndi gulu lake anamasula akapolo 84 amene ankapita nawo ku Tete, ambiri mwa iwo amayi ndi ana. Ena mwa anthu otere ankagwidwa pankhondo, koma ena ankaperekedwa ndi anthu a kwawo komwe, chifukwa cha milandu, ngongole kapena njala. Kenako panagwa chilala ndi njala ya 1862 mpaka 1863, imene inapululutsa chigwa chino mpaka mitembo kumayandama mu Shire. Amishoni a Chingerezi amene anathawira kwa Chibisa kuchoka ku Magomero anaona zimenezi ndi maso, ndipo ena mwa iwo manda awo ali konkuno ku Chikwawa. Bishopu wawo Charles Mackenzie anali atamwalira kale pa 31 Januwale 1862 kufupi ndi kumene Ruo amathira mu Shire.

M'chipwirikiti chimenechi ndi mmene kagulu kochepa ka Amakololo, anthu amene Livingstone anabwera nawo kuchokera kumtunda kwa Zambezi n'kuwasiya kuno ali ndi mfuti, kanasanduka mafumu. Maina awo tikuwadziwa chifukwa alipo mpaka lero: Kasisi, Katunga, Maseya, Mlilima ndi ena. Anateteza anthu ambiri kwa ogula akapolo, zimenezo n'zoona. Analandanso ulamuliro wa mafumu a Chimang'anja, ndipo ena mwa iwo ankalamula ndi dzanja lolemera kwambiri, zimenezonso n'zoona. Ndikudziwa kuti nkhani imeneyi kuno timainena chonong'ona, chifukwa zidzukulu za mbali zonse ziwiri timakumana pa maliro amodzi ndi pa chigayo chimodzi. Koma sewero limene likuopa kuikhudza lisadzitche la mbiri. Lingoti ndi gule wolandirira alendo.

Mukandifunsa sewero limene ndikufuna kuonera ndisanafe, ndi la Chipatula ndi Fenwick. Nkhani yake ili ndi zonse, moti ndimadabwa kuti alembi athu akuthamangira nkhani za mabwana ndi masekeletale kusiya iyi. Chipatula anali mmodzi wa mafumu a Chikololo, wolamulira chakumunsi, cha ku Chiromo. George Fenwick anali mzungu amene anagwirapo ntchito ku mishoni ya Blantyre, kenako n'kuyamba malonda ake. Awiriwa ankadziwana, ankachita bizinesi limodzi, ankamwera limodzi. Mu 1884 anakangana pa nkhani ya malipiro a minyanga imene Fenwick anakagulitsa kunyanja, mowa uli m'mutu, ndipo Fenwick anawombera Chipatula n'kumupha. Anthu a Chipatula anamuthamangitsa n'kumupha nayenso. Mkwiyo sunathere pomwepo. Anagwira sitima ya African Lakes Company yotchedwa Lady Nyassa n'kuimiza, ndipo kwa kanthawi njira ya mu Shire, imene azungu onse a kumtunda ankadalira, inatsekeka.

Taonani mmene nkhaniyi ikuphwanyira masewero athu onse awiri. Chipatula sanali chitsiru: ankadziwa mtengo wa minyanga yake, ndipo anafera kufunsa ndalama zake. Sanalinso mngelo: anali munthu woopedwa, wankhanza kwa omutsutsa. Fenwick sanali mulungu wotsika kumwamba, anali wamalonda wa mtima wapachala amene ankadalira chilolezo cha mfumu kuti adutse. Ndipo kampani ija ya abale awiri John ndi Frederick Moir, imene inayamba mu 1878 ndipo tonse timaidziwa kuti Mandala, inkayenera kukambirana ndi mafumu a kuno kuti katundu wake atsike pa dooko la kwa Katunga n'kukwera phiri pamitu ya amtengatenga kupita ku Blantyre. Pa nthawi imeneyo wopempha njira anali mzungu. Mwana wa Sitandade 7 atasewera Chipatula, akuwerenga minyanga yake m'modzim'modzi n'kuuza mzungu kuti masamu ako sakukwana, angapite kunyumba ndi funso lina, osati lija anandifunsa ine.

Nanga zinatembenuka bwanji, ngati sikunali kupusa? Pang'onopang'ono, ndipo poyera. Nsalu za m'mafakitale a kunja zinabwera zambiri ndi zotchipa, ndipo woomba nsalu wa pabwalo, amene njala ndi nkhondo zinali zitamufoola kale, sakanapikisana nazo. Mu Novembala 1889 asilikali a Mpwitikizi Serpa Pinto anamenyana ndi Amakololo a Mlauli kumunsi kuno, ndipo mfuti zamakono zinagwetsa anthu ambiri. Angerezi anagwiritsa ntchito mkangano womwewo kukankha Apwitikizi, ndipo mu 1891 dziko linakhala m'manja mwawo. Kenako msonkho. Kenako njanji, imene pofika 1908 inali italumikiza Port Herald, Nsanje ya lero, ndi Blantyre, moti madooko a mafumu anasanduka malo ongomwera ng'ombe. Thonje linabwereranso m'chigwa, koma ulendo uno ngati mbewu yokagulitsa yosapota, pa sikelo ya wina, pa mtengo wonenedwa ndi wina. Mdzukulu wa woomba nsalu anasanduka wolima thonje loti akaombe ena kutsidya la nyanja, iye n'kudzagula nsaluyo m'sitolo.

Apa ndi pamene nkhaniyi imandiwawira, chifukwa sikelo imeneyo sinachoke. Pitani pa msika wa thonje kwa Ngabu nyengo yokolola, kapena muone mlimi wa chitowe kapena nandolo akutsutsana ndi vendala. Mlimi amene anakula akuonera mfumu yokwawira kalilole amafika pa sikelo atagonja kale, mumtima akuti ife ndi kale lomwe timapusitsidwa. Amene anakula akudziwa kuti agogo ake ankaimitsa sitima kwa Tengani amafika mosiyana. Sindikunena kuti sewero lingakweze mtengo wa thonje, ayi, sindine wolota chotero. Koma limaphunzitsa munthu kaimidwe ka pamsika.

Ndipo tisanamizane, akuluakulu nafenso timakonda masewero a malonda opanda katundu. Mu Okutobala 2010 tinasonkhana pa Nsanje kutsegulira dooko, Pulezidenti Bingu wa Mutharika ali pomwepo pamodzi ndi Robert Mugabe ndi Rupiah Banda. Magule anavinidwa, malankhulidwe analankhulidwa, koma bwato limene linkayembekezeka linali litagwidwa ku Mozambique chifukwa nkhani ya chilolezo chodutsa inali isanathe. Phunziro limene Tengani anapatsa Livingstone mu 1859, lakuti mtsinje uli ndi eni ake m'njira monse ndipo umayamba wakambirana nawo, tikanakhala kuti tinkalisewera m'sukulu mwina wina akanalikumbukira. Koma imeneyo ndi nkhani ya sabata ina.

Pempho langa likupita kwa inu alembi a m'gulu lino, makamaka a kuchigwa, ngakhale a ku Karonga muli ndi Mlozi wanu ndipo a ku Nkhotakota muli ndi Jumbe, nkhani zake zofuna kulimba mtima komweku. Timatha sabata yathunthu tikukangana za ndakatulo zachikondi, pamene mphunzitsi akusowa masamba anayi okha oti apatse ana. Tilembe timasewero tatifupi, ta mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu, m'Chichewa, m'Chimang'anja ndi m'Chisena, toti tingatumizidwe pa WhatsApp. Muikemo mayi wa mchere amene akukana mtengo. Muikemo woomba nsalu amene akugwira nsalu ya m'sitima, kuiyang'ana padzuwa, n'kuzindikira kuti ntchito yake yatha. Muikemo malume amene akupereka mwana wa mlongo wake chifukwa cha dengu la mapira m'chaka cha njala, ndipo musamupange chilombo, mumupange munthu, kuti oonera amve kuwawa kwake. Amene mumakonza zikondwerero za chikhalidwe, pakati pa utse ndi valimba patsani mpata zinthu zoterezi, ndipo pezani agogo amene akudziwabe kupota thonje adzapote pamaso pa ana manja amenewo asanapite m'manda. Zovala musavutike nazo: nsalu yoyera wamba ya m'sitolo ili pafupi ndi zoona kuposa chiguduli.

Mwana wa mlongo wanga uja ndinamufotokozera zonsezi tikuyenda, mwachidule, mpaka tinafika pa mjigo pamene anasamba makala aja. Anakhala chete kanthawi, kenako anati chaka chamawa akufuna adzakhale Chipatula. Ndinamukumbutsa kuti Chipatula amafa pakati pa sewero. Anati palibe kanthu, bola mnzake wodzola ufa uja adzathamangitsidwe mpaka kumtsinje. Masamba awiri oyamba ndalemba kale. Pa mkangano wa minyanga paja pakundivuta, chifukwa ndikufuna onse awiri azimveka ngati ali ndi mfundo mpaka mfuti italira. Amene ali ndi dzanja la zisudzo andipeze ku inibokosi, ndimutumizire aone.